Mwana Wotchedwa Nyambe: Maina a Milungu mu Mzinda wa Livingstone

Mchewa wa ku Dedza kapena wa ku Katete akafika ku Livingstone, kum'mwera kwa Zambia, sachedwa kukumana ndi munthu wotchedwa Nyambe. Angakhale woyendetsa takisi pamsewu wa Mosi-oa-Tunya, kalaliki wa mu ofesi, kapena kamnyamata kothamangitsa mpira wachikulunga ku Maramba, ndipo dzinalo likaitanidwa palibe amene amacheuka. Mlendoyo akadzamva kuti Nyambe ndi dzina la Mulungu pakati pa Alozi, mlengi wa mtsinje, nkhalango, nyama ndi munthu, amayamba wagwira pakamwa, chifukwa kwawo sanamvepo mayi akuitana Chauta kuti abwere adzasambe. Kudabwako n'komveka. Cholakwika ndi chiweruzo chimene chimabwera pambuyo pake, chakuti amene amatcha mwana dzina lotere saopa Mulungu, kapena kuti dzinalo ndi lachikunja lofunika kulivula kutchalitchi. Ine ndikuona kuti munthu wosenza dzina la mulungu sadziyesa mulungu, ndi kuti ambiri mwa amene amanyansidwa ndi maina a milungu ya kuno nawonso ali ndi maina a milungu, kungoti ndi ya kutsidya kwa nyanja.

Livingstone ndi mzinda wa obwera kuyambira pachiyambi pake. Eni nthaka ndi Aleya ndi Atoka, anthu a mafumu Mukuni ndi Sekute, amene chilankhulo chawo ndi chachibale ndi Chitonga. Mzinda weniweniwo unayamba mu 1905, chaka chimene mlatho wa njanji unamalizidwa pamwamba pa phompho la Zambezi, azungu atasamuka ku Old Drift kumene malungo ankawapulula. Unakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, pamene boma linasamukira ku Lusaka. Njanji, maofesi a boma ndi kampani yocheka matabwa ya Zambezi Sawmills zinakoka anthu ochokera kulikonse. Alozi anatsika ndi mtsinje kuchokera ku Barotseland, ochuluka moti kwa zaka zambiri Chilozi ndicho chinkamveka kwambiri pamsika. Kunabwera Abemba, Angoni, Achewa a kum'mawa ndi a ku Nyasaland, Ayuda ochokera ku Lithuania, ndi Amwenye a ku Gujarat amene anatsekula masitolo. Aliyense anafika ndi chipembedzo chake ndi mwambo wake wotchera ana maina. N'chifukwa chake kaundula wa kalasi imodzi ku Libuyu, ku Linda kapena ku Dambwa amatha kuonetsa pa tsamba limodzi miyambo imene kwina munthu angaifunefune m'maiko asanu.

Nthano ya Alozi imati Nyambe poyamba ankakhala pansi pano ndi mkazi wake Nasilele. Analenga zinthu zonse, pamodzi ndi munthu woyamba, Kamunu. Kamunuyo anali wochenjera mopitirira: Nyambe akasula chitsulo iyenso ankasula, mpaka anasula mkondo n'kuyamba kupha nyama, zimene Nyambe ankaziona ngati abale ake a munthuyo. Nyambe anathawira pachilumba, Kamunu anamulondola. Pomaliza kangaude analuka ulusi wofika kumwamba, Nyambe anakwera kupita ku Litooma, ndipo kangaudeyo anachititsidwa khungu kuti asadzalozere munthu njira. Mchewa amene anamva nthano ya pa Kaphirintiwa azindikira msanga fungo la nkhaniyi, pakuti kwathunso munthu atapeka moto n'kutentha tchire, ndi kangaude amene anakweza Chauta kumwamba. Mpaka apa mitundu iwiriyi ikuyendera limodzi. Pamene yasiyana ndi pa chibale. Alozi amati banja lachifumu linachokera mwa Nyambe weniweniyo: Mwambwa anabereka Mbuyu, Mbuyu anabereka Mboo, Litunga (mfumu ya Alozi) woyamba wamwamuna, ndipo mzere umenewu gwero lake ndi Nyambe. Mulungu wa Alozi ali ndi mkazi, ana ndi zidzukulu pansi pano. M'kuona kwanga, kwa mtundu umene umawerenga Mulungu pamutu pa mndandanda wa makolo, ndiponso umene umatcha ana maina a makolo, dzina la Nyambe silinali lotalikira. Nasilele nalonso ndi dzina la atsikana a Chilozi mpaka lero.

Abemba ali ndi njira ina. Mulungu wamkulu amamutcha Lesa, koma pansi pake pali mizimu ikuluikulu ya malo, yotchedwa ngulu, imene inali ndi akachisi ndi ansembe ake. Chishimba ndi mzimu wa pa mathithi a mtsinje wa Luombe pafupi ndi Kasama. Kapembwa ndi mzimu wa paphiri la m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, umene asodzi a dera la Mpulungu ankaupatsa nsembe. Mulenga ndi mzimu wa m'tchire, woopedwa kwambiri, umene ena ankaunena kuti ndiwo unabweretsa mliri wopha ng'ombe ndi nyama zakutchire wa m'zaka za m'ma 1890. Maina atatu onsewa ndi maina wamba a anthu m'Zambia ya lero: andale Chishimba Kambwili ndi Kapembwa Simbao, ndiponso mlembi Mulenga Kapwepwe, ndi zitsanzo zodziwika. Okonda mpira akumbukira usiku wa pa 12 February 2012 ku Libreville, pamene Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast n'kutenga chikho cha Africa. Joseph Musonda atavulala kumayambiriro kwa masewerowo, amene analowa m'malo mwake anali Nyambe Mulenga, munthu mmodzi wosenza dzina la Mulungu wa Alozi ndi la mzimu wa Abemba. Pabwalo lomwelo panali Emmanuel Mayuka, amene dzina lake lachihebri limanena kuti Mulungu ali nafe, ndi kaputeni Christopher Katongo, amene dzina lake lachigiriki limanena za wonyamula Khristu. Dziko lonse linkakuwa maina amenewa mofanana, osasankha kuti ili n'loyera, ili n'lodetsedwa.

Ife Achewa tinazungulira. Maina a Mulungu tili nawo ambiri, Chauta, Namalenga, Mphambe, Chisumphi, Leza, koma sitiwaika pa mwana wotuluka m'chikuta. Chimene timaika ndi ntchito ya Mulunguyo kapena yankho lathu pa ntchitoyo: Chisomo, Mphatso, Madalitso, Chifundo, Yamikani, Thokozani, Pemphero. Wopereka mphatsoyo satchulidwa, koma aliyense amamudziwa. Atonga, amene Mulungu wawo ndi Leza, amachita zofanana akamatcha mwana Chipego kapena Luyando, ndipo ambiri mwa maina awo akale amanena za mmene mwanayo anabadwira, monga Mutinta, mtsikana wobadwa pambuyo pa anyamata kapena mnyamata wobadwa pambuyo pa atsikana, kapena Mainza, wa nthawi ya dzinja. Elizabeth Colson, amene anatsogolera bungwe la kafukufuku la Rhodes-Livingstone Institute pamene linali mu mzindawu, analemba zambiri za mmene mwana wa Chitonga amalandirira maina a mizimu ya makolo, kuchimuna ndi kuchikazi. Kwa Achewa, kuyandikira kwa Chauta kunali ndi khomo lake: Makewana wa ku Msinja ndiye ankapempha mvula, monga mmene Bedyango, mayi wolamulira pamodzi ndi mfumu Mukuni, amatsogolera miyambo ya Aleya. Kupatulika kunkakhala pa udindo umene munthu analowa, osati pa dzina la paubwana. Tisaiwalenso kuti kuchuluka kwa maina othokozawa ndi kwa posachedwa. Agogo athu ambiri anali a Mavuto, a Masautso, a Misozi, a Maliro, maina odandaula kapena onyoza imfa kuti ilambalale. A Chisomo anachuluka pamodzi ndi matchalitchi.

Zipembedzo zitatu zimene zinafika ku Livingstone ndi amalonda zikuonetsa bwino kuti mtundu uliwonse umaika malire pamalo pakepake. Ayuda anamanga sunagoge wawo mumzindawu mu 1928, nyumba imene lero mumapempherera mpingo wachikhristu. Palibe anthu oopa dzina la Mulungu kuposa iwo: salitchula n'komwe, ngakhale powerenga malemba. Komabe zidutswa za maina a Mulungu anazimwaza m'maina a ana awo, mwa Eliya, Yesaya, Danieli, Samueli, Yohane ndi Elizabeti. Elie Susman, mmodzi wa abale awiri amene anafika m'chigawochi mu 1901 kudzagula ng'ombe za ku Barotseland, anali Eliya, ndipo Michael Sata ndi Lazarus Chakwera nawonso maina awo ali ndi chidutswa chomwecho cha Mulungu wa Ahebri. Asilamu amaika malire pena: mwana sangatchedwe Allah kapena Rahman pakokha, koma akatsogoza liwu lotanthauza kapolo, Abdullah ndi Abdulrahman amakhala maina okondedwa koposa, ndipo Ayao a ku Mangochi amawadziwa bwino. Ahindu, amene ndiwo anali ambiri mwa Amwenye a ku Livingstone pamene ku Chipata kunachuluka Asilamu, alibe mpanda umenewu. Mwana amatchedwa Krishna, Ram, Ganesh, Lakshmi kapena Parvati, dzina la mulungu lathunthu. Ali ndi nthano ya munthu woipa wotchedwa Ajamila, amene pakufa anaitana mwana wake Narayana, ndipo poti limenelo ndi dzina la Vishnu, kuitanako kunamupulumutsa. Kwa iwo, kholo loitana mwana m'mawa ndi madzulo limakhala likutchula mulungu tsiku lonse mosadziwa, ndipo zimenezo ndi phindu. Gandhi dzina lake loyamba linali Mohandas, kapolo wa Mohan, dzina lina la Krishna.

Pa miyambo yonseyi palibe ndi umodzi womwe umene umanena kuti mwanayo ndi mulungu. Myuda akuchitira umboni, Msilamu akudzichepetsa, Mhindu akudzikumbutsa, Mchewa akuthokoza, Mlozi akusunga chibale, Mbemba akuika mwana m'manja mwa womuyang'anira. Onsewa amaopa chimene amapembedza. Amasiyana pa funso limodzi lokha, loti ulemu umafuna kuti dzina lopatulika lisungidwe patali kapena likhale pafupi. Funso limenelo lilibe yankho limodzi ngakhale pakati pa Akhristu okhaokha. Ku Spain ndi ku Mexico anyamata otchedwa Jesús ali mbwee, ndipo wosewera mpira wa ku Brazil Gabriel Jesus amadziwika ndi dzinalo, pamene Mngelezi kapena Mmalawi angaone ngati mwano kutcha mwana Yesu. Koma Mmalawi yemweyo amatcha mwana Joshua mosaopa, chikhalirecho Yoswa ndi Yesu ndi dzina limodzi lachihebri limene linadzera njira ziwiri.

Wotsutsa woyamba amagwira lamulo la pa Eksodo 20 loletsa kutchula pachabe dzina la Mulungu. Amati mwana ndi mwana: adzakodza pamphasa, adzaba ndiwo mumphika, ndipo mayi ake adzamukalipira potchula dzinalo pamodzi ndi mawu oipa. Akakula n'kukhala mbava, wailesi idzalengeza kuti Nyambe wamangidwa. Mfundoyi si yopepuka, ndipo ndi imene inachititsa kuti Achewa azungulire. Sindikulimbikitsa aliyense wa ku Mchinji kuti ayambe kutcha ana Chauta. Koma tikaitsata mpaka kumapeto, ikugwetsanso maina amene wotsutsayo amawakonda. M'ndende muli a Emmanuel, a Gabriel ndi a Chisomo, ndipo palibe amene amati Mulungu wanyozeka chifukwa Emmanuel waba njinga. Womva amadziwa kusiyanitsa. Mlozi akamati Nyambe wapita kumsika ndi pamene akuti Nyambe atithandize, palibe mnzake amene amasokonezeka kuti akunena uti. Lamulolo, monga aphunzitsi ambiri a Baibulo amalifotokozera, likunena za kulumbira monama ndi kugwiritsa dzina la Mulungu pa chinyengo. Ahebri amene analilandira ndi omwewo amene anadzaza maina a ana awo ndi dzinalo.

Wotsutsa wachiwiri, amene mawu ake akumveka kwambiri masiku ano m'mapemphero omasula anthu, amati vuto ndi lakuti maina amenewa ndi a milungu yachilendo kwa Mkhristu. Kuchokera pamene Frederick Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, mawu amene analowa m'malamulo aakulu mu 1996, mipingo ya chipentekoste yakula kwambiri, ndipo m'mipingo ina anthu amalangizidwa kukana dzina la kumudzi n'kutenga lina. Apa ndi pamene Livingstone akutithandiza. Mathithi amene amadyetsa mzindawu, amene Akololo anawatcha Mosi-oa-Tunya, David Livingstone atawaona mu November 1855 anawatcha dzina la mfumukazi ya ku Britain, Victoria. Victoria anali mulungu wamkazi wa Aroma, wa chipambano pankhondo, ndipo guwa lake linali m'nyumba ya malamulo ya ku Rome mpaka mfumu yachikhristu Gratian inalichotsa mu 382. Mfumukazi imene inali mutu wa mpingo wa Anglican inasenza dzinalo moyo wake wonse. Diana anali mulungu wa Aroma wa ulenje. Irene anali mulungu wa Agiriki wa mtendere. Martin akuchokera kwa Mars, mulungu wa nkhondo, ndipo Martin Luther sanalivule. Dennis Liwewe, wobadwira ku Malawi, amene mawu ake pawailesi ankaimitsa ntchito m'Zambia monse, dzina lake likuchokera kwa Dionysus, mulungu wa vinyo. Nanga a Shadreck ndi a Misheck amene adzaza m'midzi yathu? Buku la Danieli limanena poyera kuti anyamata aja anali ndi maina awo achihebri, Hananiya, Misaeli ndi Azariya, ndipo Sadrake, Mesake ndi Abedinego ndi maina amene anawapatsa ku Babulo. Abedinego ndi kapolo wa Nebo, mulungu wa kumeneko. Akhristu a kuno anasiya maina achihebriwo n'kukonda a ku Babulo, ndipo sindinamvepo kuti amenewa akuitanidwa kutsogolo kuti amasulidwe.

Yankho limene limabwera ndi lakuti milungu ya Aroma ndi Agiriki inafa kalekale, palibenso woipembedza, pamene ku Chishimba anthu akadalemekeza malowo. Mfundoyi ikumveka yamphamvu mpaka munthu atatsekula makalata a Paulo. M'masiku ake milungu imeneyo inali yamoyo m'mitima ya anthu kuposa mmene Chishimba alili lero. Ku Efeso mzinda wonse unachita chipolowe poteteza Artemi. Koma pa Aroma 16 Paulo akupereka moni kwa Mkhristu wotchedwa Herme, dzina la mulungu wa Agiriki lopanda chophimba, ndipo akuyamikira Febe, mtumiki wa mpingo, amene dzina lake linalinso la mulungu wamkazi. Epafrodito, amene Paulo akumutcha mbale kwa Afilipi, dzina lake likuchokera kwa Afrodite. Apolo anali mlaliki wamphamvu, ndipo ku Atene mmodzi wa otembenuka mtima anali Dionisio. Palibe pamene akuuzidwa kuti asinthe. Chimene Paulo anakana ndi china: ku Lustra, anthu atayamba kutcha Barnaba Zeu ndi iye Herme n'kubweretsa ng'ombe zoti awaphere nsembe, anang'amba zovala zake. Anakana kupembedzedwa, koma dzina lomwelo pa mbale wake wa mumpingo silinamuvute. Kuno kwathu, Alice Lenshina wa ku Chinsali, amene kuyambira 1953 anachititsa anthu zikwizikwi kutaya zithumwa ndi nyanga mu mpingo wake wa Lumpa, dzina lake linali Alice Mulenga, ndipo mbiri imamudziwa ndi dzina limenelo mpaka lero.

Pa Nyambe pali china choonjezera, chifukwa kumutcha mulungu wachilendo n'kusamvetsa mbiri. Amishoni atafika sanabwere ndi liwu latsopano la Mulungu. Anatola limene analipeza. Baibulo la Chitonga limati Leza, la Chibemba limati Lesa, la Chitumbuka limati Chiuta. Buku Lopatulika la 1922 linatenga Mulungu, ndipo Buku Loyera la 1998 linaika Chauta, wa pa Kaphirintiwa yemwe uja, pamalo pa dzina lopatulika la Mulungu wa Israele. Kwa Alunda ndi Akongo, Nzambi, amene ndi mbale wake wa dzina la Nyambe, ndiye Mulungu wa m'Baibulo. Ku Barotseland zinayenda mwina chifukwa cha nkhondo. Akololo a Sebetwane, olankhula Chisotho, analanda dzikolo cha m'ma 1840, ndipo ngakhale anagonjetsedwa mu 1864, chilankhulo chawo chinatsala n'kukhala maziko a Chilozi cha lero. François Coillard ndi anzake a Paris Mission, amene anakhazikika m'dzikolo kuyambira 1885, anachokera ku Lesotho ndi mabuku a Chisotho m'manja. Motero Baibulo la Chilozi linatenga Mulimu, liwu lochokera ku Chisotho, ndipo Nyambe, dzina lakale la Alozi, linatsala m'nthano, m'miyambo yachifumu ndi m'maina a anthu. Chikhala kuti amishoniwo anadzera kumpoto, mwina lero tikanamawerenga Nyambe pa tsamba loyamba la Genesis. Alozi ambiri achikhristu amamutchulabe ponena Mulungu yemweyo amene amamupembedza Lamulungu kapena Lasabata.

Kumene wotsutsa ali ndi poponda pabwino ndi pa maina ngati Mulenga ndi Chishimba, chifukwa amenewa sanali Mlengi wamkulu, ndipo chikhulupiriro chakuti dzina limayenda ndi mzimu si chobwera ndi abusa. Ndi chathu chakale. Abemba, Atonga ndi Achewa omwe amadziwa za khanda lolira usiku wonse mpaka akulu anena kuti likukana dzina, kapena kuti wina wa kumanda akufuna kutchulidwa. Mbusa wonena kuti dzina lili ndi mphamvu akuvomereza zimene agogo ankanena, wangotembenuza chiweruzo: chimene iwo ankati ndi mtetezi, iye akuti ndi chiwanda. Munthu wamkulu amene chikumbumtima chake chikumuvuta ali ndi ufulu wosintha dzina lake, ndipo palibe woyenera kumuseka. Chimene ndikukana ndi kuumiriza ena, makamaka kuuza wodwala kapena wosowa ntchito kuti gwero la mavuto ake ndi dzina. Mulenga wa lero kawirikawiri sanatchedwe potsata mzimu wa m'tchire uja. Anatchedwa potsata agogo ake a Mulenga, amenenso anatchedwa potsata amalume awo. Dzinalo lakhala likuyenda m'banja mibadwo yambiri, ndipo chimene lanyamula tsopano ndi anthu amenewo. Polivula, munthu amadula chingwe chomulumikiza ndi makolo amene ena mwa iwo anali madikoni ndi akatekisiti. Ku Nigeria zimenezi zinachitika poyera: pakati pa Ayoruba ena anachotsa Ogun, mulungu wa chitsulo, kumayambiriro kwa maina a mabanja awo n'kuikapo Olu, moti ana a bambo mmodzi amapezeka ndi maina awiri osiyana.

Palinso wotsutsa wa mbali ina, woseka nkhani yonseyi. Iye amati palibe amene amaganiza za tanthauzo. Nyambe ndi dzina basi, monga Banda sakumbutsa munthu chilichonse akamaitanidwa pachipatala. Zoona zilimo. Dzina lili ngati mpini wa khasu, umene umasalala ndi manja a olimira mpaka khungwa la mtengo wake losaonekanso. Ndi kusalala kumeneku kumene kunayeretsa Diana ndi Dennis, ndipo n'kukondera kuvomereza kuti nthawi inatsuka maina a ku Rome koma singatsuke a ku Kasama. Komabe sindikuvomereza kuti tanthauzo linatheratu. Tsidya lina la mlatho, m'tauni ya Victoria Falls ku Zimbabwe, makolo akutchabe ana Tinashe, Simbarashe, Nkosinathi ndi Thembinkosi, maina amene Ambuye akutchulidwamo momveka kwa aliyense wolankhula Chishona kapena Chindebele. Ku Rwanda maina othera ndi Imana, monga Habyarimana ndi Hakizimana, ali paliponse. Tsiku lotcha dzina, tanthauzo limadzuka. Mayi amene anapita padera kangapo akatcha mwana Chisomo sakungotola liwu lokoma, ndipo banja la Chilozi likasankha Nyambe kapena Nasilele pakati pa maina onse a makolo, limadziwa chimene lasankha. Tanthauzolo limagona masiku wamba n'kudzuka pa kubadwa, pa matenda ndi pa maliro, ndipo n'chifukwa chake mbusa wolinyoza amapweteka mtima wa munthu.

Nkhaniyi imafika pakhomo pa Mchewa kudzera m'ukwati. Ku Livingstone, monga ku Lusaka, mitundu ikukwatirana, ndipo Chinyanja chikumveka kwambiri m'misika ndi m'maminibasi. Mtsikana wa kwa a Phiri akakwatiwa ndi Mlozi, akuchimuna akhoza kutcha mwana woyamba Nyambe, potsata agogo ake. Mwa mwambo wa mitundu yonse iwiri, mayiyo sadzaitanidwanso ndi dzina lake: apongozi ake adzati bo ma Nyambe, abale ake adzati amake Nyambe, ndipo azakhali a ku Katete akadzamva tanthauzo lake adzafunsa ngati mwana wawo wasanduka mayi wa Mulungu. Njira imene mabanja ambiri a m'tauni amatsata pa maina ndi yopatsa mbali iliyonse mpata wake. Mwana amakhala ndi dzina la kuchimuna, la kuchikazi, ndipo nthawi zina lachitatu la ubatizo, onse n'kulembedwa pa kalata ya kubadwa ndi pa chitupa chimene adzatenge akakwanitsa zaka 16. Kusukulu amadziwika ndi limodzi, kwa agogo a ku Mongu ndi lina, kwa agogo a kum'mawa ndi linanso. Mwana wotero akhoza kukhala Nyambe kwa bambo ake, Madalitso kwa mayi ake ndi Martin kwa wansembe, ndipo mwa maina atatuwa, lokhalo limene likuchokera kwa mulungu wa nkhondo ndi limene analandira pa ubatizo.